Mbalame ya ku Namilepe

Ine ndine munthu amene anatsekera abale ake dambo chifukwa cha pakamwa. Ndinene zimenezi poyambirira pomwe, kuti pasapezeke wina wondimvera chisoni nkhani ikafika pakati.

Dzina langa ndine Dickson, kwathu ndi kufupi ndi Kachulu, m'dera la Mwambo. M'chaka cha 1968 ndinali kalaliki pa laibulale ina yaing'ono mu Zomba, yosunga mabuku a nyama, nsomba ndi mbalame. Ntchito yanga inali yopukuta fumbi, kulimbana ndi njenjete, ndi kusunga makiyi a kabati yagalasi mmene munkakhala mabuku akale. Makiyiwo ndinkawamangirira palamba kuti azilira ndikamayenda, aliyense adziwe kuti kukubwera munthu wa ku ofesi.

M'kabatimo munali buku lina lalikulu ngati chitseko cha khola la nkhuku. Linali la zithunzi za mbalame, zojambula pamanja ndi utoto. Anajambula ndi mzungu wina amene anakhalapo m'mbali mwa nyanja ya Chilwa m'chaka cha 1921. Munthu ameneyu anali ndi dzanja, zimenezo sindingamumane. Chipweyo chake unkachita kudikira kuti chiimbe mluzu, ndipo tsekwe wake ankakuyang'ana ngati wamulakwira. Koma tsamba limene ndinkalikonda linali la chakumapeto. Pamenepo panali mbalame yonga nadititi, ya thupi labuluu, koma pamutu pake panali nthenga ziwiri zoyera zazitali zogwera kumsana. Mchira unali wofiira psuu, ndipo pansi pa khosi panali kamzere kakuda kodukizadukiza. Mawu a m'bukumo ankati chikopa cha mbalameyo chinadyedwa ndi tizilombo m'sitima chikupita kunja, ndipo chichokereni palibe amene anaionanso mbalameyo. Padziko lonse panatsala chithunzi chimenechi basi.

Bwana wanga anali a Medson, Mmalawi mnzathu amene anali atangobwera kumene kuchokera kusukulu ya kunja. Ankavala jekete ngakhale mu Okotobala. Sanali munthu woipa ayi, koma anali ndi njala ya dzina, ndipo njala imeneyo siimva kukhuta.

Tsiku lina ndinawapeza ataweramira tsamba lija, mapu ali mbali inayi. Wojambulayo analemba pansi pa chithunzi kuti mbalameyo anaipeza ku Namilepe.

"Malo amenewa sali pa mapu alionse," iwo anatero. "Ndafufuza mpaka maso kuwawa."

Ndikanatha kungopitiriza kupukuta fumbi langa. Koma ine Dickson wamakiyi, kukhala chete bwana akusowa chinthu chimene ndikuchidziwa? Ndinati, "Bwana, Namilepe ndi dambo la kuseri kwa mudzi wathu. Ndinakulira mmenemo."

Anandigwira chanza ndi manja awiri. Sabata yonseyo ndinkayenda ngati ndakwezedwa pantchito.

Chaka chimenecho nyanja inali itauma. Sindikunena kuphwera ayi, kuuma. Anthu ankapita ku chilumba cha Chisi pansi, fumbi lili kobo, ndipo mabwato anali gada pamatope ong'aluka. Matemba kunalibe, makumba kunalibe, milamba inakwiririka m'matope. Ku Namilepe kokha ndiye kunatsala madzi, chifukwa kuli kamtsinje kamene sikauma. Mbalame za nyanja yonse zinasonkhana kumeneko, ndipo midzi ya kwathu inkadya mbalamezo. Amuna ankatchera misampha m'njedza, udzu wautali wa m'madzi uja, amayi n'kumawamba, zina kudya, zina kukasinthitsa ndi chimanga kumtunda.

Zonsezi ndinkazidziwa. Komabe a Medson atandiuza kuti alembera akuluakulu kalata yopempha kuti dambo la Namilepe litsekedwe, pasapezeke wotchera msampha, kuti mbalame yosowayo itetezedwe, ine ndi amene ndinaitaipa kalatayo. Ndinaitaipa bwino kwambiri, popanda kufufuta ngakhale pamodzi. Mutu wanga unali pa dzina la dambo lathu lolembedwa papepala la boma, osati pa m'mimba mwa anthu.

Amene ananditsegula m'maso ndi mlongo wanga Edina. Anabwera ku Zomba kumapeto kwa mwezi ndi dengu la mbalame zowamba, ndipo ine, mwa uchitsiru wanga, ndinamuuza nkhaniyo ngati yosangalatsa. Anatula dengulo pansi pang'onopang'ono.

"Achimwene, mwati litani dambolo?"

"Litetezedwe."

"Kutetezedwa kwa ndani? Kwa ife?"

Ndinayamba kumufotokozera za chithunzi, za utoto, za anthu a kunja amene adzabwere kudzaona. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera okha.

"Ana anga anayi akudya izi," anatero akuloza dengu lija. "Inu mukudya malipiro. Pitani mukawauze a bwana anuwo kuti mbalame ya nthenga pamutu kulibe. Ine ndakhala ndikusosola mbalame za ku Namilepe chiyambire ndili mtsikana, sindinaionepo."

Manyazi anandigwira, mantha n'kubwera pambuyo pake. Koma mawu a Edina anandipatsa nzeru. Ndinauza a Medson kuti ndi bwino tipite ndi buku kumudzi tikafunse akuluakulu osaka mbalame. Mumtima ndinkati onse akakana kuti sanaionepo, bwana agwa mphwayi, nkhani n'kufera pomwepo. Iwo anavomera mosangalala, poganiza kuti akukapeza mboni.

Tinapita pa Landirova Loweruka m'mawa. Tinafikira kwa amalume anga, a Grain, mchimwene wa mayi anga, amene panthawiyo anali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi. Amalume anali katswiri wosoka nyambo. Osaka mbalame kwathu amasenda mbalame bwinobwino, kuika udzu m'chikopacho, kusoka, n'kuchiimika pamadzi kuti zinzake zione ngati pali mtendere zitere. Nyambo ya amalume inkanamiza ngakhale mphamba.

Anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, anthu n'kuzungulira. Ndinatsegula bukulo ndekha, n'kuuza aliyense kuti asakhudze. Tsamba lililonse anthu ankatchula dzina la mbalame, ena kuombera m'manja. Tinafika pa tsamba lija. Amuna onse anapukusa mitu, ndipo mtima wanga unayamba kukhala pansi.

Amalume okha sanapukuse mutu. Anasendera pafupi, anayang'ana, n'kugwira pakamwa.

"Bambo, mukuidziwa?" anafunsa a Medson.

Amalume anayang'ana anthu, anayang'ana jekete la mlendo, n'kuyang'ananso chithunzi.

"Ndinaigwirapo ndi manja angawa, bwana. Kamodzi. Ndili mnyamata."

"Kuno ku Namilepe?"

"Konkuno."

A Medson analemba m'kabuku kawo mothamanga mpaka pensulo inathyoka. Munthu mmodzi yekha amene ndinkamudalira kuti akana ndi amene anaikhomera msomali nkhaniyo. Bwana atanyamuka ndi amuna ena kukaona dambo, ndinatsala ndi amalume, n'kuwatembenukira mokwiya.

"Amalume, mwatani? Mukudziwa kuti mawu anuwa atseketsa dambo?"

"Atseke dambo? Chifukwa cha ichi?" Anandiyang'ana ngati ndapenga. Kenaka anayamba kuseka, kuseka kosasangalatsa, mpaka kutsokomola. "Iwe Dickson, mbalame imeneyi ndinasoka ndine."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Ndinasoka ndine, ndi malemu bambo anga. Khala pansi, wayera m'maso."

Anandifotokozera. Mzungu wojambulayo anthu ankamutchula kuti Che Utoto. Anamanga tenti pafupi ndi dambo mvula ili pafupi kugwa, ndi amtengatenga makumi awiri amene ankadya za m'mudzi. Tsiku lililonse amuna ankatengedwa kukamupalasira bwato ndi kumugwirira mbalame, minda ili yosalima. Mbalame zonse anazijambula, koma ananenetsa kuti sachoka mpaka atapeza imene mzungu mnzake aliyense sanaionepo. Mwezi unatha, wachiwiri unayamba. Malungo anamugwira, osatulukanso mu tenti, koma kuchoka ayi. Ankangoti mubweretse zikopa, azijambula ali chogona.

"Ndiye bambo anati, munthuyu akufuna mbalame yoti kulibe, tiyeni timupatse azipita. Thupi ndi la nadititi. Nthenga zoyerazi ndi za kakowa, tinamata ndi ulimbo. Mchirawu ndi wa timbalame tofiira tija timadya mpunga. Ndipo aka," anaika chala chawo pamwamba pa kamzere kakuda ka pakhosi, ndipo ine sindinawaletse, "aka ndi ulusi wanga. Wa khonje, wopaka mwaye. Ndinali ndisanadziwe kubisa msoko. Bambo anandimenya khofi chifukwa cha msoko umenewu."

Kamzere kameneko kanali ndi ndime yakeyake m'bukumo. Anthu ophunzira analemba kuti ndi chizindikiro chimene chimasiyanitsa mbalameyi ndi zinzake zonse.

"Taona mapazi," amalume anatero.

Ndinayang'ana.

"Onse awiri ndi akumanzere. Lina khoswe anadya, ndiye tinatenga la nadititi wina, osayang'ana. Che Utoto ankajambula chimene waona, sankawonjezera kapena kuchotsa. Patapita masiku awiri anapasula tenti."

Zaka zitatu ndinali ndikutsegula tsamba limenelo pafupifupi tsiku lililonse, ine mwana wa kunyanja, osaona. Thukuta linandituluka m'manja mpaka ndinachotsa manjawo pabukupo.

"Nanga bwanji simunawauze bwana?"

"Pamaso pa anthu onse aja? Mlendo wabwera pa galimoto, wavala jekete, wanyamula buku lake, ine ndimuuze kuti wapusitsidwa ndi mwana wosavala? Ndinaleredwa kuti? Ndipo sindinaname. Ndinati ndinaigwira ndi manja."

"Amalume, ulemu wanuwo utipha ndi njala."

Apa nkhope yawo inasintha. Anafunsa ngati zotseka dambozo zinali zoona, ndipo ndinawauza zonse, ngakhale za kalata imene ndinataipa. Sananditukwane. Ndikanakonda akananditukwana.

Tinapangana chochita. Kungonena pakamwa bwana sakanakhulupirira, akanati anthu akumudzi apeka bodza kuti apulumutse misampha yawo. Ndiye amalume asokenso mbalame ina yofanana ndi ya m'bukuyo, msoko woonekera, mapazi akumanzere, zonse, abwere nayo ku ofesi kumene kulibe anthu oti mlendo achite nawo manyazi. Bwana aione, aimasule ndi manja awo, alembe kalata ina yobweza yoyamba ija. Pobwerera ku Zomba a Medson ankaimba nyimbo za kutchalitchi njira yonse, ine nditangogwirizira buku pamiyendo.

Kupeza kakowa wa nthenga zazitali m'chilala kunawatengera amalume masabata atatu. Anafika ku ofesi Lachiwiri masana, atavala malaya awo a ku tchalitchi, atanyamula kadengu kovindikira ndi nsalu. Anavula chipewa pakhomo. Ndinawalowetsa kwa bwana, ndinatsegula buku patebulo, amalume n'kuvundukula nsalu ija.

Ine amene ndinkadziwa zonse, tsitsi linandiimabe. Inali yomweyo. Inali ngati yatsika papepalapo n'kuima patebulo.

A Medson anaimirira mpando n'kugwa kumbuyo kwawo. "Mulungu wanga! Mwaipeza! Bambo, mwaipeza!"

"Bwana," ndinatero, "tengani galasi lanu muyang'ane pakhosi."

Anatenga galasi lawo lokulitsa zinthu, akusekabe. Anayang'ana pakhosi pa mbalameyo. Kuseka kunatha. Anayang'ana pakhosi pa ya m'buku, n'kubwereranso. Anakoka nthenga imodzi yoyera pang'ono, ulimbo n'kutamuka. Amalume anafotokoza nkhani yonse mwaulemu, maso ali pansi, ngati munthu amene akupepesa kuti mbuzi yake yadya mmera wa mnzake. Atafika pa za mapazi, bwana anadzutsa mpando uja n'kukhala.

Ndinadikira kuti akwiye, kapena aseke, kapena andiuze kuti nditenge makina otaipira. Iwo ananyamuka, anapita kuchitseko, anasuzumira kunja, n'kukhoma ndi kiyi.

"Ndani winanso akudziwa zimenezi?"

"Ife atatu, bwana."

"Zikhale choncho." Anatsegula dirowa, n'kutulutsa pepala la chidindo. "Kalata ija inayankhidwa Lachisanu. Dambo latsekedwa, asaina kale. Si zokhazo. Lamlungu mkulu wina wa chipani anauza msonkhano kuti dziko lathu lili ndi mbalame imene kulibe kwina kulikonse padziko, ndipo kuti atsamunda anaitaya koma boma lathu laipeza. Amayi anaimba, anthu anaomba m'manja."

"Ndiye mulembe ina, bwana. Munene kuti panali kulakwitsa."

"Ndilembe kuti chiyani, Dickson?" Ankalankhula motsitsa, koma malovu ankagwera papepala. "Kuti akuluakulu anaimirira pamaso pa anthu n'kutamanda ulimbo? Akaipereke ndani kalatayo? Iweyo? Amene anatchula Namilepe ndiwe. Amene anataipa ndiwe. Amene anaikira umboni ndi amalume akowa, ndipo ndinatumiza dzina lawo. Ine ndili ndi ana atatu. Anthu akutengedwa chifukwa cha nkhani zochepa kuposa iyi, ndipo mabanja awo sauzidwa kumene ali."

Ndikunena zoona, mawu onse amene ndinakonza masabata atatu aja anathawa, ndinatsala ndi mantha okhaokha.

Zimene anachita kenaka ndimaziona mpaka lero. Anabwezera nthenga yoyera ija pamalo pake, n'kuisindikiza ndi chala kuti imatirire. Anatenga kapepala kolimba ka chingwe, kamene timamangirira ku zikopa zosungidwa, n'kulembapo ndi inki dzina la mbalameyo, malo, ndi tsiku. Pa mzere wa amene anaipeza analembapo dzina la amalume. Anamangirira kapepalako kuphazi, anaika mbalameyo m'bokosi la mankhwala a njenjete, n'kutseka.

"Akafunsa umboni, tsopano tili nawo," anatero. "Palibe amene adzaigwire popanda chilolezo changa. Dickson, ikhale m'kabati yako."

Amalume anali chiimire, chipewa chili m'manja. Sanamve zonse, chifukwa zina bwana ankazinena m'Chingerezi. Anatembenukira kwa ine.

"Mphwanga, akuti bwanji? Aona msoko?"

"Auona, amalume."

"Ndiye dambo?"

Ndinalephera kuwayang'ana. Anayang'ana bokosi lija nthawi yaitali, kenaka manja awo, kuwatembenuza uku ndi uku.

"Yoyamba ndinasoka kuti mlendo achoke," anatero. "Iyi ndasoka kuti tichoke ndife."

Anavala chipewa ali m'kati mwa ofesi, chinthu chimene sanachitepo pamaso pa munthu wa udindo, n'kudikira kuti bwana atsegule chitseko. Ndinafuna kuwaperekeza kokwerera basi, anandikaniza ndi dzanja. Bokosi lija ndinaliika m'kabati ndi manja anga, ndinakhoma, makiyi n'kuwaponya m'thumba.

Chikwangwani choletsa kutchera misampha anakachizika ku Namilepe patapita masabata awiri. Ananditumanso ndi buku, kuti wolemba zikwangwani aonere pojambula mbalameyo pathabwa. Kunabwera ayufi a chipani odzaza lole. Analowa m'njedza n'kuzula misampha yonse, anayenda nyumba ndi nyumba kutolera yotsala ndi nyambo zomwe, anaunjika pabwalo n'kuyatsa. Anthu anauzidwa kuti aombe m'manja, ndipo anaomba. Amalume sanatuluke m'nyumba. Kuseri kwa utsiwo dambo linali lodzaza mbalame, zikulira ngati tsiku lina lililonse.

Zitatha ndinathamangira mu Landirova, ndinakhala kutsogolo, buku pamiyendo, n'kumapemphera kuti dalaivala afulumire. Ndinkaopa kukumana ndi Edina. Injini italira ndinamva kugogoda pagalasi. Anali iye, atanyamula mwana wake wotsiriza, Rhoda, wa zaka zinayi, ndi kamtolo ka zovala komanga m'mpango.

Ndinatsitsa galasi. "Mlongo, ndikufotokozera, zinthu zake..."

"Musavutike, achimwene. Amalume andiuza." Sanakweze mawu, ndipo m'maso mwake munalibe msozi. "Atatu enawo ndiyesa kuwadyetsa ndekha. Mawa tikupita kumtunda kukafuna maganyu. Uyu sangayende mtunda umenewo, ndipo chomupatsa ndilibe. Kwanu kuli chakudya."

"Edina, dikira kaye, tikambirane."

"Amadzuka usiku kufuna madzi. Mukamamusambitsa musamukhudze khutu lamanzere, limamupweteka."

Anamulowetsa pawindo, miyendo patsogolo. Ndinakankhira buku kwa dalaivala kuti ndimulandire. Nditamunyamula ndinadzidzimuka mpaka kufuula, chifukwa mikono yanga inayembekezera kulemera kwa mwana wa zaka zinayi, koma Rhoda anali wopepuka kuposa bukulo. Nthiti zake ndinkaziwerenga ndi zala kudzera m'diresi.

Pamene ndinakweza maso, Edina anali atatembenuka kale, akuyenda mofulumira osacheuka. Mwanayo sanalire. Anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amalume, tikafika tikadya?"